Njinga Imene Inakana Kulira

Limbani Namaona ankakonza mijigo. Ntchito yake inali ya pamsewu: lero ku Chiradzulu, mawa kwa Kunthembwe, mkuja kuseri kwa Mpemba, kulikonse kumene amayi atopa ndi kupopa mjigo wosatulutsa madzi. Njinga yamoto imene ankayendera anaigula pa okushoni pamene bungwe lina la zamadzi linkatseka ofesi yake ku Limbe. Inali njinga yaitali, ya matayala a manomano, yoyenda pa tala ndi m'matope momwe. Kumbuyo kwake ankamangirirako bokosi la masipanala ndi mapaipi aafupi, ndipo ikamadutsa pa siteji ya ku Bangwe anyamata a kabaza ankaitsata ndi maso.

Koma njingayo inali ndi chilema chimodzi: inalibe kiki, chitsulo choponda ndi phazi poliza injini. Inkalira ndi batani basi, ndipo batani limadalira batire. Chaka chachiwiri batire ija inayamba kufooka. M'mawa kukazizira, Limbani akadina batani, injini inkatembenuka mwaulesi, nthawi zina n'kukaniratu. Iye sanade nazo nkhawa, chifukwa nyumba imene ankakhala inali m'mwamba, m'mbali mwa phiri, ndipo msewu wa fumbi wochoka pakhomo pake unali wotsetsereka mpaka pa chigayo. Ankangokwera, n'kuisiya njinga itsetsereke, n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi. Isanafike pa chigayo inali italira kale.

"Bambo a Tionge, batire ija mugula liti?" mkazi wake Petronela ankamufunsa akamamuona akukankha njinga kutuluka nayo pa khonde.

"Phiri likadalipo, mayi a Tionge. Likadzasamuka ndidzagula."

Petronela anali wa ku Nchalo. Anabwera m'tauni ali mtsikana kudzaphunzira zosoka, ndipo tsopano makina ake ankakhala pa khonde pomwepo, pafupi ndi njinga. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Tionge, wa zaka zisanu ndi chimodzi, wa sitandade wani. Anabadwa ndi mphumu. Kukazizira chifuwa chake chinkachita mluzu, ndipo kachitini ka mankhwala opopera m'kamwa sikankachoka pa zenera la kuchipinda. Masiku amene batire yadzuka bwino, Tionge ndi amene ankadina batani. Bambo ake ankamukhazika pa thanki, iye n'kudina ndi zala ziwiri, ndipo injini ikalira ankakuwa kuti anthu onse a pa mdadada amve: "Ndaliza ndine!"

Mwezi wa Malichi chaka chimenecho kunagwa mvula ya masiku anayi yosakata. Magetsi anazima Lachinayi osayakanso. Limbani sanapite kuntchito. Njinga inangokhala pa khonde. Loweruka anatandala kwa mnansi wake Gregorio, kumtunda pang'ono, kuthandiza kuchotsa njerwa za khoma la khitchini limene linagwa.

Lamulungu m'mawa, belu la Misa yoyamba litangolira, Tionge anadzuka akubanika. Petronela anamupopera mankhwala kawiri, kenako kachitatu, koma mpweya sunkalowa. Mwanayo anakhala tsonga pa bedi, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali pa mayi ake. Milomo yake inayamba kusintha mtundu.

"Tulutsani njinga!" Petronela anakuwa.

Limbani anatembenuza kiyi n'kudina batani. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, tche, basi. Anadinanso. Tche. Ngakhale kanyale kobiriwira ka pa mahandulo kankachita kuzimirira.

Anaikankhira kumsewu kuti aitsetseretse monga mwa masiku onse, ndipo apa ndi pamene anaona. Madzi ochokera m'phiri anali atadula msewu, mapazi makumi awiri okha kuchokera pakhomo pake. Panali chigwembe chakuya kupitirira msinkhu wa munthu, madzi ofiira akuthamanga pansi pake. Njira ina yotulukira inali yokwera kaye phiri n'kukazungulira ku tchalitchi, koma njinga yosalira sikwera phiri.

Anayesa pa kamtunda kotsalako. Anakankha, nalumphira pa chishalo, nasiya kilatchi, koma tayala lakumbuyo linangoterereka m'matope osazungulira. Gregorio anatsika kudzathandiza. Anaibweza kumtunda awiri, nayesanso. Ulendo wachitatu njinga inagwa cham'mbali, kutsala pang'ono kulowa m'chigwembe. Petronela anali ataima pakhomo, mwana ali m'manja, akukuwa mawu amene Limbani sanawamve.

Kenako Limbani anaisiya njinga ili gone m'matope. Analanda mwanayo, namubereka ndi chitenje cha mayi ake, nayamba kuthamanga. Anatsikira m'chigwembe chokhala pansi, madzi akumufika m'ntchafu, natulukira tsidya lina chokwawa. Pa chigayo panalibe galimoto. Poyamba timanja ta Tionge tinali titagwira kolala ya malaya ake. Sanadziwe kuti tinasiya pati. Wakabaza wina anawatenga pafupi ndi msika. Kuchipatala namwino anamulandira mwanayo mothamanga n'kulowa naye m'kati, koma sipanapite nthawi anatulukanso, akuyenda pang'onopang'ono.

"Bambo, takhalani pansi kaye."

Petronela anafika pambuyo pake wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anangoyang'ana nkhope ya mwamuna wake, nakhala pansi pa simenti pomwepo. Sanalire.

Tionge anamuika m'manda Lachiwiri, adzukulu akuchita kukapa madzi m'dzenje ndi chidebe. Amayi a mumphakati anagona pakhomopo masiku atatu, akuimba nyimbo ndi kupemphera korona. Dokotala anali atanena kuti mphumu inamugwira mwamphamvu kwambiri, kuti ngakhale akanafika msanga sizikudziwika ngati akanapulumuka. Limbani anamva mawu amodzi okha: msanga. Mumtima mwake ankangowerenga mphindi zimene anataya polimbana ndi njinga m'matope muja. Tsiku lina zinkakwana khumi ndi zisanu, tsiku lina makumi awiri.

Anthu atabalalika, m'nyumbamo munatsala anthu awiri osadziwa kuitanana. Zaka zisanu ndi chimodzi anali bambo a Tionge ndi mayi a Tionge. Tsopano dzinalo linkaima pakhosi. Limbani akafuna mchere ankangoti, "Inu," ndipo Petronela ankamupatsa osadzutsa mutu. Sanakanganepo. Petronela ankaphika, ankachapa, ankasoka mayunifolomu a ana a eni, ndipo akamayeza kadiresi ka msinkhu wa sitandade wani ankangoluma mlomo n'kupitiriza. Limbani ankaganiza kuti mkazi wake akumusungira mlandu wa batire, ndipo ankaona kuti n'zomuyenera. Ankadikira tsiku limene adzamuuze pamaso.

Njinga anaidzutsa ndi Gregorio, naitsuka, naibwezera pa khonde n'kuifunditsa lona. Inakhala pamenepo Epulo yense ndi Meyi yense. Limbani ankapita kumijigo pa minibasi, bokosi la masipanala lili pamiyendo, kwinako n'kukwera njinga yakapalasa, kukafika dzuwa lili paliwombo. Anthu a m'derali anakwirira chigwembe chija ndi miyala ndi matumba a mchenga, msewu n'kuyambanso kudutsika.

M'mawa wina mu Juni, chiperoni chitakuta phiri, Limbani anavundukula lona lija. Makina a Petronela anaima pang'ono, kenako anayambanso kulira. Limbani anaikankhira njinga kumsewu, naitsetseretsa podutsa pa matumba a mchenga aja, ndipo isanafike pa chigayo inalira ngati palibe chinachitika. Anakhotera ku Limbe, nalunjika ku Ndirande.

Kuseri kwa msika wa Ndirande, kumene amagulitsa zitsulo zakale, kunali shedi ya Che Abdula, makaniko wa njinga zamoto. Anali munthu wamfupi, wamimba, wolankhula ngati wailesi, ndipo za Limbani sankadziwa kalikonse.

"Ndikufuna muiike kiki," Limbani anatero.

"Kiki? Achimwene, gulani batire yatsopano, nkhani yatha. Mukufuniranji kutsegula injini yabwinobwino?"

"Batire ndigula. Koma ndikufuna kiki."

Che Abdula anamuyang'ana, nagwada kudzanja lamanja la njinga, napukuta injini ndi kansanza. Analoza kachivindikiro ka labala, kozungulira ngati chitsekerero cha botolo.

"Mwayi wanu. Mwaona apa? Kufakitale anasiya malo ake, anangotseka. M'katimo mabowo alimo kale, akungodikira zitsulo. Khalani pa benchipo, ndikazungulire."

Anapita nthawi yaitali. Pobwera ananyamula jumbo yakuda ya mafuta okhaokha, nakhuthulira pa katoni zimene zinali m'katimo: shafuti yaifupi ya mano kumapeto, magiya awiri, sipulingi yokhuthala yopindidwa ngati nkhata, ndi mwendo wa kiki womwe, wopindika pang'ono. Anati zachokera pa njinga ina ya mtundu womwewo imene inaphwanyika kutsogolo koma injini inatsala yamoyo.

Anayamba ndi kukhetsa oyilo m'beseni. Anachotsa chopondera buleki, namasula waya wa kilatchi, kenako mabawuti a chivindikiro cha injini, akumawabaya pa katoni motsatana ndi mmene anakhalira, chifukwa ena anali aatali ena aafupi. Chivindikiro chitachoka, anatulutsanso kilatchi yonse kuti giya yaing'ono ilowe kuseri kwake. Nthawi yonseyi pakamwa sipanatseke. Anakamba za mpira, za kukwera kwa petulo, za anyamata a kabaza amene amathira oyilo wa galimoto m'njinga. Limbani ankagwira chimene wauzidwa kugwira.

"Taonani timadontho tiwiriti," Che Abdula anatero, akulozetsa shafuti ku dzuwa. "Kena kali pa shafuti, kena pa giya. Tikapanda kuyang'anizana, kiki imapita pansi osabwerera. Ambiri amalakwitsa pamenepa."

Sipulingi ndi imene inavuta. Inkafunika kupotokoledwa kaye kuti mbedza yake ikakole m'bowo lake, ndipo kawiri konse inapulumuka pa pulayasi, ulendo wachiwiri n'kumucheka Che Abdula pa chala. Anayamwa chalacho, natukwana sipulingi m'Chiyao, nayesanso, ndipo inakola. Anaika gasiketi yatsopano, nabwezera chivindikiro, nalowetsa silo yotchinga oyilo pamene panali kachivindikiro ka labala, namanga mwendo wa kiki pa shafuti. Atauponda ndi dzanja, unatsika n'kubwerera wokha, kwa!

Akuthira oyilo, maso ake anagwa pa kabokosi kakuda ka pa mahandulo, kotchajira foni. Anatsata waya wake ndi chala mpaka pansi pa chishalo.

"Analumikiza ichi ndi ndani?"

"Ndinalumikiza ndekha."

"Mwachilumikiza molunjika ku batire, osadzera ku kiyi. Chimenechi chimadya moto ngakhale kiyi ali m'thumba mwanu. Batire yofooka kale ngati iyi, munthu atangotchaja mafoni awiri njinga ili chiimire, m'mawa simungailize."

"Chotsani," Limbani anatero. Iye sankatchaja foni njinga ili chiimire, choncho mawuwo sanawaganizire kawiri.

Che Abdula anadula waya, nakulunga nsonga zake ndi tepi. Kenako anamasula batire yonse n'kuiika pansi.

"Tsopano muone. Njinga iyi ndi ya kabureta, moto wa pulagi umachokera ku koyilo, sudikira batire. Ndi kiki, batire mukhoza kukaitaya mu mtsinje wa Nasolo, njinga n'kumalirabe. Kwerani."

Anamuuza kuti atsegule petulo, akoke choko, aonetsetse kuti njinga ili pa fili, yosalowa giya. Apondereze kiki pang'onopang'ono kufikira pamene yalimba, aisiye ibwerere m'mwamba, ndiyeno aponde kamodzi ndi thupi lonse mpaka pansi.

"Osapotokola mafuta, ndipo bondo musaliumitse. Mukaponda mwamantha imabweza, ndipo ikabweza mudzaikumbuka."

Ulendo woyamba Limbani anaponda theka, injini inangotsokomola. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anadzikweza m'mwamba n'kutsika ndi thupi lonse, ndipo injini inalira, utsi n'kudzaza shedi. Batire inali pansi, pafupi ndi phazi lake, yosalumikizidwa ku chilichonse.

Anaiyang'ana batireyo. Anazimitsa njinga, napondanso, ndipo inalira. Anazimitsanso, napondanso. Anachita zimenezi mobwerezabwereza, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunkazizira, mpaka anthu a mashedi oyandikana anayamba kusuzumira.

"Achimwene, yalira kale! Muthyola sipulingi yanga."

Limbani anazimitsa, natsamira pa mahandulo.

"Mwana wanga anamwalira mu Malichi," anatero. "Ndinkafuna kuthamanga naye kuchipatala. Njinga iyi inakana kulira."

 Che Abdula anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali.

"Anali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Pepani, bambo. Ine ndimangolankhula, sindimadziwa." Anagwada, natenga sipanala, nayamba kulimbitsa bawuti ya kiki imene inali yolimba kale.

Limbani anagula batire yatsopano pomwepo, nafika ku Bangwe dzuwa litapendeka. Petronela anali pa khonde, akupinda nsalu. Anaiyang'ana njinga ikulowa, anaona chitsulo chachilendo cham'mbali, kenako maso ake anakwera pa mahandulo n'kuima pamenepo.

"Tchaja chija chili kuti?"

"Makaniko wachotsa. Akuti chimatha batire ngakhale kiyi atachotsedwa."

Petronela anaika nsalu pansi. 

"Ndiye mwadziwa."

"Ndadziwa chiyani?"

Analowa m'nyumba, Limbani namutsatira. Petronela anakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, akuyang'ana pansi, nayamba kulankhula ndi mawu otsika, osapumira, ngati mawu amene wakhala akuwabwereza yekha masiku ambiri.

"Loweruka lija muli kwa a Gregorio, foni yanga inali itazima. Wailesi inkanena kuti kwathu madzi asefukira, ndipo ndinkafuna kumva ngati amayi ali moyo. Ndinaitchaja pa njinga. Mayi a nyumba ya kuseri ataona anabweretsa yawo, kenako ina ya mwana wawo, kenako tochi. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinachotsa inu musanabwere. M'mawa mwake mutadina batani n'kumva kaphokoso kaja, ndinadziwa pomwepo. Ndinkakuwa kuti isiyeni, siilira, ndatha batire ndine, koma simunandimve. Kenako ndinalephera kunenanso."

Limbani anaima chilili pakati pa nyumba. Chinthu choyamba chimene anamva m'chifuwa mwake chinali kupepukidwa, ngati munthu wina wamulandira katundu pamutu, ndipo nthawi yomweyo anachita manyazi oopsa kuti wapepukidwa. Kenako unabwera mkwiyo. Anatuluka, nakaima kuseri kwa nyumba, pamene panali timiyala timene Tionge ankasewerera phada, titakwiririka theka m'dothi. Anakhala kumeneko mpaka mkwiyo unatha mphamvu, chifukwa sunapeze pokhazikika.

Atabwerera, Petronela anali asanasunthe.

"Waya uja ndinalumikiza ndine," Limbani anatero. "Ndipo ndinaulumikiza molakwika. Miyezi isanu ndakhala ndikukankha njinga, inu mukundiuza za batire, ine n'kumaseka. Munkafuna kumva za amayi anu. Ndani sakanatchaja?"

"Miyezi yonseyi ndimaganiza kuti mukudziwa, n'chifukwa chake simundiyang'ana."

"Ine ndimaganiza kuti inu ndi amene simukufuna kundiona."

 Kunja ana a eni ankaitanidwa kukasamba.

Loweruka lotsatira m'mawa, Limbani akupukuta njinga, Petronela anatuluka atamanga chitenje cholimba m'chiuno, atavala nsapato zachinsalu.

"Ndiphunzitseni," anatero.

Njinga inali yaitali kwa iye. Limbani anaika njerwa ziwiri pansi kuti phazi lamanzere lipondepo, iye nagwira mahandulo kutsogolo kuti isagwe. Anamuuza zonse zimene Che Abdula anamuuza: petulo, choko, giya pa fili, kupondereza mpaka yalimba. Petronela anaponda, koma thupi lake linali lopepuka, ndipo kiki inaima panjira. Anayesanso katatu. Ulendo wachisanu dzanja lake linapotokola mafuta mosadziwa, injini inabweza, ndipo chitsulo chija chinamumenya pa msongolo ndi mphamvu.

Anatsika, nakhala pansi pa dothi atagwira mwendo. Poyamba ankangopuma mofulumira. Kenako kulira kunatuluka, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene sikunatuluke kuchipatala ngakhale kumanda. Ankaitana dzina la mwana wake mobwerezabwereza. Mayi a kuseri anatuluka akuthamanga, koma ataona anaima patali n'kubwerera. Limbani anakhala pansi pambali pake, namugwira, nayenso misozi ikutsika, njinga itatsamira khoma.

Patapita nthawi Petronela anapukuta nkhope ndi chitenje, nadzuka akutsimphina, nakweranso pa njerwa zija.

"Mwavulala, tisiye kaye," Limbani anatero.

"Gwirani njingayo."

Anapondereza mpaka yalimba, naisiya ibwerere, nadumpha ndi thupi lonse. Injini inalira. Sanamwetulire. Anakhala pa chishalo akumvetsera kulira kwake, kenako anatembenuza kiyi yekha.

"Ikanalira," anatero.

"Inde. Ikanalira."

Madzulo a tsiku lomwelo Petronela anamuuza Limbani kuti akufuna kupita kwawo akakhaleko pang'ono. Anati si chifukwa cha iye. Anati m'nyumba muno paliponse pamene wayang'ana pali Tionge: pa zenera, pa khonde, pa msomali umene ankapachikapo chikwama cha kusukulu. Limbani anafuna kunena kuti asamukire limodzi ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, koma anaona nkhope yake ndipo anangoti wamva.

Anamuperekeza yekha kumayambiriro kwa Julayi. Pamalo pa bokosi la masipanala anamangirira mutu wa makina osokera, wokulungidwa m'bulangete, ndipo pomanga zingwezo anadziwa kuti ulendowu si wa sabata ziwiri. Anadzera kumanda kaye. Petronela anazula udzu umene unamera pa mtumbira, nayala bwino maluwa apulasitiki amene mphepo inagwetsa. Kenako anatsika mapiri a ku Chikwawa, msewu ukukhotakhota, kuzizira kwa Blantyre kukutsalira m'mbuyo. Pa makona Petronela ankagwira malaya a mwamuna wake ndi manja onse awiri. Atawoloka Shire kunayamba kutentha, ndipo anaima pansi pa mtengo kuti avule majuzi.

Apongozi ake anawalandira ndi misozi, namuphera nkhuku Limbani, namuumiriza kuti agone. Iye anati ali ndi ntchito m'mawa. Petronela anamuperekeza mpaka pa msewu wa pakati pa minda ya nzimbe, namuuza kuti sopo ali m'kabati ya pansi, ndi kuti asamaiwale kutseka zenera la kuchipinda chifukwa mphaka wa a Gregorio amalowa.

Anabwerera yekha, njinga ili yopepuka kumbuyo.

Petronela ankaimba foni Lamulungu lililonse akaweruka ku Misa. Anapeza malo pa khonde la golosale ina ku Nchalo, ndipo ntchito yosoka inkapezeka. Ankakamba za kutentha, za mwendo wa amayi ake umene unkatupa, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa ku Bangwe. Masiku ena ankatha kutchula Tionge, n'kukumbutsana kanthu kena kamene ananena, mpaka kuseka pang'ono. Masiku ena ankangopatsana moni n'kukhala chete, aliyense akumva kupuma kwa mnzake.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, Petronela anafunsa ngati Limbani wapitako kumanda.

"Ndinapita dzulo. Mtanda unapendekeka, ndauwongola."

"Mwachita bwino."

"Nanga inu mubwera liti?"

Ku Nchalo kunamveka mbuzi ikulira, ndi mawu a munthu wina akuitana patali. Limbani anadikira.

"Sindikudziwa," Petronela anatero. "Mvula ikatha, mwina. Musandikakamize."

"Sindikukakamizani."

"Mwadya?"

"Ndidya."

"Idyani, Limbani," anatero, ndipo foni inaduka.